Antibody wofufuzira puloteni ya MGP m'chikhodzodzo chouma ndi kashiamu

Wowerenga wina wa ku Nkhotakota walemba kuti: "Ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala china kuno kunyanja, ndipo ndikukonzekera kafukufuku wa maphunziro anga apamwamba. Anthu ena amene anadwala likodzo kwa zaka zambiri akajambulidwa amapezeka kuti khoma la chikhodzodzo lauma ndi kashiamu. Ndawerenga kuti puloteni yotchedwa matrix Gla protein, mwachidule MGP, imaletsa kuuma kotere, ndipo pa intaneti ndapeza makampani ambiri ogulitsa ma-antibody oipezera. Kodi ndigule uti? Nanga ndingawagwiritsenso ntchito poyeza magazi a odwala athu kuti ndiwauze ngati ali pangozi?"

Bambo, ndiyamba ndi funso lanu lachiwirilo chifukwa likukhudza odwala mwachindunji, ndipo yankho lake ndi lakuti ayi. Antibody ndi puloteni ya chitetezo cha m'thupi imene imagwira chinthu chimodzi chapadera, ndipo ofufuza amamugwiritsa ntchito poonetsa pamene pali puloteni imene akuifuna. Pa kabotolo ka antibody wotere pamalembedwa kuti ndi wa kafukufuku yekha, kutanthauza kuti wogulitsayo sanamuyese pa odwala ochuluka, sanaike malire osiyanitsa wodwala ndi wosadwala, ndipo sakulonjeza kuti kabotolo ka chaka chino kadzafanana ndi ka chaka chamawa. Kachipangizo koyezera malungo kamene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku nakonso kamadalira antibody amene amagwira puloteni ya kachilombo ka malungo yotchedwa HRP2, koma zipangizo za mtundu umenewu zimayesedwa mozama zisanaloledwe m'zipatala. Ngakhale zili choncho, mu 2010 ofufuza analengeza kuti ku Peru kuli tizilombo ta malungo topanda jini ya HRP2, timene kachipangizoko sikangatione. Ngati chida chimene chinadutsa m'manja mwa oyesa ambiri chili ndi malire otere, sikoyenera kuuza munthu za tsogolo la thanzi lake podalira kabotolo kamene sikanayesedwepo pa wodwala. Munthu wa ku Chia kapena ku Dwangwa amene akukodza magazi amathandizidwa ndi zimene muli nazo kale: kufunafuna mazira mumkodzo pa maikulosikopu, praziquantel pa mlingo wa 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndi kumutumiza kuchipatala chachikulu ngati magazi sakuleka atamwa mankhwala, popeza bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika Schistosoma haematobium, nyongolotsi yoyambitsa likodzo la m'chikhodzodzo, m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1994.

Funso loyambalo ndi lalikulu, ndipo sindikupatsani dzina la kampani, chifukwa dzina la kampani silitsimikizira kanthu. Kampani imodzi imatha kugulitsa antibody wabwino ndi wosathandiza pa tsamba limodzi, ndipo nthawi zina makampani angapo amagulitsa antibody mmodzi yemweyo atamusintha dzina ndi nambala. Chimene chingakutetezeni ndi kuidziwa bwino puloteni imene mukuisakayo, kenako kumuyesa nokha antibody musanakhulupirire chilichonse chimene wakuonetsani.

Magazi athu ali ndi kashiamu ndi phosphate wochuluka moti, pakanapanda zoletsa, ziwirizi zikanalumikizana n'kuuma m'minofu yofewa monga zimachitira m'mafupa ndi m'mano. Thupi lili ndi zoletsa zingapo. Chiwindi chimapanga fetuin-A, puloteni imene imayenda m'magazi n'kumakuta timibulu ta kashiamu tisanakule. Kai Pedersen anaipeza mu 1944 m'magazi a ana a ng'ombe. Palinso pyrophosphate ndi osteopontin. MGP ndi yosiyana ndi fetuin-A chifukwa imagwira ntchito pamalo pomwe yapangidwira, makamaka m'khoma la mitsempha ya magazi ndi m'chicherewecherewe. Paul Price ndi anzake anaipatula m'mafupa a ng'ombe mu 1983, koma kufunika kwake kunaonekera poyera mu 1997 pamene gulu la Gerard Karsenty linasindikiza zotsatira za mbewa zochotsedwa jini ya MGP. Mbewazo zinkabadwa zooneka bwino, koma zinkafa miyezi iwiri isanathe chifukwa mitsempha yake ikuluikulu inkauma ndi kashiamu mpaka kung'ambika. Mwa anthu, jini imeneyi ili pa chromosome 12, ndipo mu 1999 zinadziwika kuti kuwonongeka kwake ndiko kumayambitsa matenda osowa otchedwa Keutel syndrome, amene amaumitsa chicherewecherewe cha m'makutu, m'mphuno ndi m'njira ya mpweya, komanso kufupikitsa nsonga za zala.

Apa mpamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa ambiri amene amagula antibody wa MGP amadumpha mfundo imeneyi. MGP ndi puloteni yaing'ono, ya ma-amino acid (timagawo topanga puloteni) 84 okha ikamaliza kupangidwa, koma siikhala m'maonekedwe amodzi. Selo likaipanga, imafunika kusinthidwa m'malo awiri. Chakumayambiriro kwake kuli ma-amino acid atatu otchedwa serine amene amaikidwa phosphate. Ilinso ndi ma-amino acid asanu otchedwa glutamate, ambiri mwa iwo chapakati, amene amasandutsidwa Gla ndi enzyme yodalira vitamini K, ndipo ma-Gla amenewa ndi amene amagwira kashiamu. Ngati vitamini K akuperewera, kapena ngati munthu akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amene amalepheretsa vitamini K kugwiritsidwanso ntchito, selo limapitiriza kutulutsa MGP koma yopanda mphamvu. Gulu la Price linaonetsa mu 1998 kuti makoswe opatsidwa warfarin wochuluka amauma mitsempha m'masabata owerengeka. Choncho m'kachidutswa kamodzi ka mnofu mukhoza kukhala MGP yogwira ntchito ndi MGP yosagwira ntchito, ndipo antibody wamba, amene amagwira zonse mosasiyanitsa, angakuonetseni utoto wambiri pamalo pamene palibe chitetezo chilichonse.

Zimenezi si zongoganizira. Ofufuza a ku Maastricht m'dziko la Netherlands, m'gulu la Cees Vermeer ndi Leon Schurgers, anapanga ma-antibody osiyanitsa mitundu imeneyi, ndipo atawagwiritsa ntchito pa mitsempha ya anthu anapeza kuti m'mitsempha yathanzi MGP imene imaoneka ndi yokhala ndi Gla, pamene pozungulira malo ouma ndi kashiamu pamaunjikana yopanda Gla. Munthu amene akanangogwiritsa ntchito antibody wamba akanaona MGP yambiri pamalo owonongekawo n'kulemba kuti puloteniyi ndi imene ikuumitsa mtsempha, kapena kuti chitetezo chakwera, ndipo mawu onse awiriwa akanakhala olakwika. Musanatulutse kwacha iliyonse, lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi. Kodi mukufuna kudziwa ngati MGP ilipo m'khoma la chikhodzodzo, kapena mukufuna kudziwa ngati imene ilipoyo ili ndi mphamvu? Funso loyamba lingayankhidwe ndi antibody wamba woyesedwa bwino. Lachiwiri limafuna ma-antibody awiri osiyanitsa mitunduyo, amene ndi ovuta kupeza ndipo mwina mungawapeze mosavuta pogwirizana ndi labotale imene imawagwiritsa kale ntchito.

Pa pepala la wogulitsa, yang'anani kaye chimene anabaya nacho nyama popanga antibody ameneyo. Ma-antibody ambiri amapangidwa pobaya kalulu, mbewa kapena mbuzi ndi puloteni yopangidwa mu bakiteriya wa E. coli kapena ndi kachidutswa ka puloteni kopangidwa ndi makina. E. coli alibe enzyme yosandutsa glutamate kukhala Gla, motero MGP yopangidwa mwa iye imakhala yopanda Gla. Antibody wochokera pamenepo, ngati malo amene amagwira ali chapakati pa puloteni, akhoza kugwira bwino mtundu wopanda mphamvu n'kuphonya wamphamvu, wogulitsayo osanenapo chilichonse. Ngati pepalalo silikutchula ma-amino acid amene anagwiritsidwa ntchito, lemberani kampaniyo kalata mufunse, ndipo ikakana kuyankha, musiyeni antibody ameneyo ngakhale atatchipa bwanji.

Ndikuchenjezeninso pa maziko a kafukufuku wanu. Zambiri zimene timadziwa za MGP zinachokera m'mitsempha ya magazi ndi m'chicherewecherewe, makamaka mwa odwala impso, odwala shuga ndi okalamba. Mu likodzo nkhani ndi yosiyana. Nyongolotsi zazikazi zimaikira mazira m'timitsempha tozungulira chikhodzodzo. Ena amatuluka ndi mkodzo n'kukalowa m'madzi momwe muli nkhono za mtundu wa Bulinus, koma ambiri amatsakamira m'khoma, amafera momwemo, ndipo mazira akufawo ndi amene amauma ndi kashiamu. Mzere woyera umene mumauona pa X-ray kwenikweni ndi mazira ambirimbiri ouma oyalana m'khomamo. Mazira otere amakhalitsa kwambiri, moti mu 1910 Marc Armand Ruffer anawapeza mu impso za mitembo youmikidwa ya ku Egypt ya zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Kuuma kwa chinthu chakufa, monga dzira la likodzo kapena chilonda chakale cha TB m'mapapo, kumachitika ngakhale kashiamu wa m'magazi ali pa mlingo wabwino, ndipo n'kosiyana ndi kuuma kwa khoma la mtsempha kumene maselo amoyo amatengako mbali. Izi sizikupha ganizo lanu, ndipo ine ndikuliona kuti ndi loyenera kufufuzidwa ndi munthu wa kunyanja komweko amene amawaona odwalawo. Koma mulilembe ngati funso lotseguka, ndipo ngati ndalama zilola muonjezepo osteopontin, imene imapangidwa ndi maselo a macrophage opezeka ochuluka pozungulira mazira.

Musanafike pa antibody, sonyezani kaye kuti kashiamu alipo ndi pamene ali. Utoto wamasiku onse wopaka pa minofu, wa H&E (haematoxylin ndi eosin), umaonetsa mazira ouma akuda mobiriwira, ena ali ndi kamnga kake kunsonga. Njira ya von Kossa, yochokera mu 1901, imagwiritsa ntchito silver nitrate ndipo imadetsa bii pamene pali phosphate kapena carbonate, pamene alizarin red S amagwira kashiamu weniweniyo n'kumufiiritsa. Njira ziwirizi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi antibody, ndipo popanda izo chithunzi cha MGP sichingamasuliridwe, chifukwa funso lonse ndi lakuti puloteniyo ili pati poyerekeza ndi pamene pauma. Dulani zidutswa zotsatizana za ma-micrometre 4 kuchokera pa buloko limodzi la phula losungiramo mnofu, china cha H&E, china cha von Kossa, china cha antibody, kuti muziyang'ana malo amodzimodzi.

Tsopano za mtundu wa antibody. Wa polyclonal ndi msanganizo wa ma-antibody ochokera m'magazi a nyama yobayidwa. Amagwira malo angapo pa puloteni ndipo kawirikawiri amapereka utoto wamphamvu, koma magazi a kalulu ameneyo akatha, otsatirawo amachokera kwa kalulu wina ndipo akhoza kusiyana kotheratu ngakhale nambala ya m'katalogu ili yomweyo. Wa monoclonal amachokera ku njira imene Georges Köhler ndi César Milstein anatulukira ku Cambridge mu 1975, imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 1984, ndipo amagwira malo amodzi okha. Wa recombinant amapangidwa kuchokera ku jini yodziwika ndi yosungidwa, motero sasintha chaka ndi chaka. Kwa inu amene kafukufuku wanu angatenge zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mwina mudzafunika kuitanitsa kawiri, ndikulangiza wa recombinant kapena wa monoclonal. Mu 2023 gulu la YCharOS la ku Montreal linasindikiza zotsatira za ma-antibody 614 a mapuloteni 65, amene linawayesa poyerekeza maselo okhala ndi puloteni ndi maselo ochotsedwa jini yake. Oposa theka analephera pa njira imodzi kapena zingapo zimene anayesedwa, ndipo a recombinant anachita bwino kuposa mitundu ina iwiriyo. Chowawa kwambiri m'zotsatirazo n'chakuti ma-antibody ena amene sanagwire konse puloteni yawo anali atagwiritsidwa kale ntchito m'mapepala osindikizidwa, choncho kutchulidwa m'mapepala ambiri sikokwanira kukhala umboni.

Onaninso njira imene antibody anayesedwera. Amene amagwira bwino pa Western blot, njira yolekanitsa mapuloteni potengera kulemera kwawo, amakumana ndi puloteni yotambasulidwa, pamene pa kachidutswa kosungidwa mu formalin ndi phula amakumana ndi puloteni yomangika ndi mapuloteni anzake, ndipo kupambana pa njira imodzi sikulonjeza kanthu pa inayo. Mukufuna antibody amene wogulitsa akuonetsa chithunzi chake pa mnofu wa munthu wosungidwa mu formalin ndi phula, chithunzi chimene utoto uli pamalo omveka, monga m'maselo a chicherewecherewe kapena m'khoma la mtsempha. Chithunzi cha Western blot cha puloteni yopangidwa mu bakiteriya chimangosonyeza kuti antibody amazindikira chimene anabayira nyama, ndipo zimenezo n'zochepa kwambiri. Mu 2016 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Mathias Uhlén linafotokoza njira zisanu zotsimikizira antibody. Yamphamvu kwambiri ndi kuchotsa jini n'kuona utoto ukuzimiririka, koma imene mungaikwanitse kuno kwathu ndi kugwiritsa ntchito ma-antibody awiri ogwira malo osiyana pa MGP n'kuona ngati akuonetsa chithunzi chofanana. Ndi bwino kugula timabotolo tiwiri tating'ono tosiyana n'kuyeza zidutswa zochepa, kusiyana ndi kugula botolo limodzi lalikulu n'kuyeza zidutswa zambiri popanda chotsimikizira.

Mnofu wouma ndi kashiamu uli ndi misampha yakeyake, ndipo wa likodzo uli nayo yoonjezera. Kashiamu wouma m'thupi amakhala makamaka hydroxyapatite, ndipo hydroxyapatite amamata mapuloteni ngati ulimbo umene anyamata amatchera mbalame, wosasankha kuti yatera ndi iti; n'chifukwa chake m'mafakitale amamugwiritsa ntchito posefa ma-antibody. Zotsatira zake n'zakuti antibody aliyense, ngakhale wosagwirizana ndi MGP, akhoza kukakamira pa dzira louma n'kupereka utoto wokongola wabodza pamalo omwewo amene mukuyembekezera kuuona. Njira yodziwira ndi kuika pa kachidutswa kotsatira antibody wa nyama yomweyo, wa mtundu womwewo ndi mlingo womwewo, koma wosalimbana ndi puloteni iliyonse ya munthu. Mazira akaoneka ofiirira pamenepo, ndiye kuti utoto wa pa mazirawo si wa MGP, ndipo muyenera kuika maso anu pa maselo ndi minofu yozungulira.

Msampha wina ndi ma-eosinophil, mtundu wa maselo oyera a m'magazi, amene mukudziwa kuti amadzaza pozungulira mazira a likodzo. Njira yofala yoonetsera antibody imadalira enzyme ya peroxidase ndi mankhwala a DAB amene amasanduka ofiirira, koma ma-eosinophil ali ndi peroxidase wawo wamphamvu, amene nthawi zina sazimitsika kwathunthu ndi hydrogen peroxide ya 3 peresenti. Komanso m'chikhodzodzo chimene chakhala chikutuluka magazi mumakhala haemosiderin, chotsalira cha magazi akale, amene mwachibadwa ndi wofiirira, ndipo formalin yopanda buffer imasiya timadontho takuda pamene pali magazi. Zonsezi zimaoneka mukakonza kachidutswa kamodzi kopanda antibody woyamba (uja wogwira MGP) koma kodutsa m'masitepe ena onse. Chilichonse chofiirira pa kachidutswa kameneko si MGP. Ndikudandaulirani kuti zidutswa ziwiri zoyerekezerazi, pamodzi ndi chachitatu cha chicherewecherewe kapena mtsempha chimene mukudziwa kuti MGP ilimo, ziziyenda limodzi ndi zidutswa za odwala tsiku lililonse limene mukupaka utoto, osati tsiku loyamba lokha. Pamafunikanso chikhodzodzo chopanda likodzo choyerekezera, apo ayi simudzadziwa ngati chimene mwaonacho chabwera ndi matendawa.

Mmene mnofu unasungidwira n'chimene chimawononga kafukufuku wambiri wa mtundu uwu antibody asanatsegulidwe n'komwe. Mnofu umayenera kulowa mu formalin ya 10 peresenti yokhala ndi buffer ukangochotsedwa, n'kukhalamo maola 24 mpaka 48. Zidutswa zochokera m'zipatala za m'maboma nthawi zambiri zimakhalitsa mu formalin podikira galimoto yopita ku labotale yoona za minofu, ndipo zikakhalamo masabata, malo amene antibody amagwira amabisika. Kutenthetsa kachidutswa mu citrate wa pH 6 kapena mu Tris-EDTA wa pH 9 kumabwezeretsa ena mwa malowo, ndipo muyenera kuyesa njira zonse ziwiri, komabe lembani masiku amene chidutswa chilichonse chinakhala mu formalin kuti mudzathe kuona ngati kufooka kwa utoto kukutsatira matenda kapena kukutsatira kuchedwa kwa ulendo. Ngati mnofu wauma kwambiri moti ukuswa mpeni wa microtome (makina odulira zidutswa), musaufewetse ndi nitric acid kapena hydrochloric acid, chifukwa ngakhale zimafulumira zimawononga mapuloteni. EDTA amachedwa, nthawi zina masabata angapo, koma amasunga malo ogwira antibody. Kumbukirani kuti kufewetsako kumachotsa kashiamu yemweyo amene mukufuna kumuonetsa, motero gawani mnofuwo pawiri kapena dulani zidutswa za von Kossa musanafewetse.

Zipangizo zokonzera minofu mu phula ndi kuidula zimapezeka m'malabotale a zipatala zazikulu, monga ya ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, ndi ku Blantyre kumene kuli Queen Elizabeth Central Hospital ndi Kamuzu University of Health Sciences. Njira yanzeru ndi kupempha mabuloko akale a odwala amene anachitidwa kale opaleshoni kapena kudulidwa kachidutswa pa zifukwa za chithandizo chawo, ndi kupeza dokotala woona za minofu amene angawerenge zidutswazo limodzi nanu asakudziwa kuti chilichonse ndi cha gulu liti. Musadule munthu chikhodzodzo chifukwa cha kafukufuku yekha. Ngakhale mabuloko akale amafuna chilolezo cha komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, kaya National Health Sciences Research Committee kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ngati zidutswa zidzatumizidwa kunja kwa dziko pamafunika mgwirizano wolembedwa wa kasamutsidwe kake.

Ngati mungapeze mwayi wochita Western blot, dziwani kuti MGP ndi yovuta. Imalemera ma-kilodalton opitirira pang'ono 10, motero imathamangira kumapeto kwa gel wamba n'kudutsa pa membrane ya mabowo akulu. Gwiritsani ntchito gel wa Tricine ndi membrane ya ma-micrometre 0.2. Siisungunuka bwino, ndipo imene yamatirira pa kashiamu imatsalira m'zinyalala zimene anthu amataya pokonza sampulo, pokhapokha atayamba asungunula kashiamuyo. Mzere umodzi pamalo oyenera ndi chizindikiro chabwino, koma mizere yambiri yamphamvu pamwamba ndi chenjezo lakuti antibody akugwiranso zina, zimene pa kachidutswa ka mnofu simungathe kuzisiyanitsa ndi MGP.

Za kuyeza magazi m'kati mwa kafukufuku, osati pouza odwala, muyeso umene wagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi wa dp-ucMGP, mtundu wopanda phosphate komanso wopanda Gla, umene unayambira ku Maastricht ndipo umachitika pa plasma ya EDTA pogwiritsa ntchito ma-antibody awiri, wina wogwira kumayambiriro kwa puloteni, wina chapakati. Ukakwera umasonyeza makamaka kuti vitamini K akuperewera m'minofu, ndipo umakwera kwambiri mwa odwala impso ndi omwa warfarin. Sunena za chikhodzodzo. Popeza likodzo lokhalitsa limatha kutseka njira za mkodzo n'kuwononga impso, mukhoza kupeza dp-ucMGP yokwera mwa odwala anu n'kuganiza kuti mwapeza mgwirizano ndi kuuma kwa chikhodzodzo, pamene mwangopeza impso zofooka. Yezani creatinine mwa aliyense kuti muone mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo lembani mankhwala onse amene akumwa. Zakudya nazonso muzifunse, chifukwa vitamini K1 amachokera m'ndiwo zamasamba monga mpiru, nkhwani, bonongwe ndi chisoso, ndipo kadyedwe kake kamasintha pakati pa dzinja ndi chilimwe. Ma-kit a ELISA otchipa amene amangolembedwa kuti ndi a MGP ya munthu, osatchula mtundu umene akuyeza, amapereka manambala amene sangayerekezedwe ndi a ofufuza ena. Ndipo chonde wina aliyense asasiyitsidwe warfarin kapena kupatsidwa vitamini K chifukwa cha zimene mwawerenga pano. Munthu amene anaikidwa valavu yachitsulo mumtima akasiya warfarin akhoza kufa ndi kuundana kwa magazi.

Chatsala ndi ulendo wa kabotoloko. Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu International Airport kukafika ku Nkhotakota kudzera ku Salima ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 200, ndipo katunduyo akhoza kudikira masiku angapo asanatulutsidwe. Konzani mapepala ake asanafike, pewani kuitanitsa m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala ngati n'kotheka, ndipo popeza ntchito yopaka utoto idzachitikira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndi bwino kuti antibody asungidwe komweko mufiriji yokhala ndi jenereta m'malo mobwera naye kunyanja. Antibody amapirira kutentha kwa masiku ochepa kuposa mmene amapiririra kuundana ndi kusungunuka mobwerezabwereza, zimene zimachitika mwakachetechete magetsi akamazima usiku. Tsatirani zimene pepala lake likunena: ena amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ena pa madigiri 20 kunsi kwa ziro, ndipo otsirizawa muwagawe m'timachubu ting'onoting'ono tsiku lomwe afika kuti kachubu kalikonse kasungunuke kamodzi kokha. Firiji yodzichotsa yokha madzi oundana siyoyenera, chifukwa imadzitenthetsa nthawi ndi nthawi. Ma-antibody ambiri amasungidwa ndi sodium azide, amene amalepheretsa peroxidase, choncho tsukani bwino musanaike antibody wachiwiri (uja wonyamula peroxidase), ndipo azide asalowe m'madzi osungunulira wachiwiriyo.

Mlingo wosungunulira umene wogulitsa walemba ndi poyambira chabe; yesani milingo itatu kapena inayi pa chicherewecherewe chanu choyerekezera n'kusankha umene ukupereka utoto woonekera bwino popanda kudetsa malo ena. M'buku lanu la labotale, komanso m'lipoti lomaliza, lembani dzina la kampani, nambala ya m'katalogu, nambala ya lot, dzina la clone ngati ndi monoclonal, nambala ya RRID (yozindikiritsa antibody m'mapepala a kafukufuku), mlingo wosungunulira ndi njira yotenthetsera. Mukadzaitanitsa kachiwiri n'kulandira lot ina, yesani yakale ndi yatsopano limodzi pa zidutswa zotsatizana musanapitirize ndi za odwala, ndipo pa chifukwa chimenechi musagwiritse ntchito kabotolo koyambako mpaka dontho lomaliza.